Zomwe ndapeza pa pempho la ndalama za kafukufuku wa malungo ku NIH

Miyezi yapitayo ndinafunsa ngati bungwe la kuno ku Malawi lingapemphe lokha ndalama ku National Institutes of Health (NIH), nthambi ya boma la America yothandiza kafukufuku wa zaumoyo. Yankho ndi lakuti n'zotheka, malinga chilengezo cha thandizolo chikhale chololeza mabungwe akunja.

Ndinasankha mtundu wa thandizo wotchedwa R21, womwe umafika madola 275,000 a ntchito yeniyeni ya kafukufuku pa zaka ziwiri, ndipo mapempho atsopano amalandiridwa pofika pa 16 February, 16 June ndi 16 October. Chimene chinandidyera nthawi si kulemba kafukufukuyo ayi, koma kulembetsa bungwe pa masamba a pa intaneti a boma la America a SAM.gov, Grants.gov ndi eRA Commons. Vuto linali langa: dzina la bungwe ndinalilemba mosiyana pang'ono pa mafomu awiri, ndipo zinatitengera masabata angapo kuti tikonze, mpaka tsiku la June linatidutsa.

Pa bajeti, dziwani kuti mabungwe akunja amapatsidwa ndalama zoyendetsera ofesi zokwana 8 peresenti yokha ya ndalama za ntchito yeniyeni ya kafukufuku, zomwe kunena zoona n'zochepa mukaganizira mafuta a jenereta yosungira zitsanzo za magazi mufiriji. Panopa ndikukonza zikalata za COMREC, komiti yovomereza kafukufuku wa zaumoyo ku Blantyre, poyembekezera kutumiza pempho mu October.