Ndikupempha nzeru: kodi phindu logwirika la kusamukira kunja ndi lotani mukachotsa lendi ndi msonkho?

Mwini funso:

Abale ndi alongo a pagulu pano, landirani moni nonse, amene muli muno mu Lusaka ndi amene muli kunja. Ine ndine namwino, ndagwira ntchito zaka 11, ndipo ndimakhala ku Chilenje ndi amuna anga pamodzi ndi ana athu awiri, wamkulu ali mu giredi 6, wamng'ono ali ndi zaka zitatu. Kwathu ndi ku Katete, kumene amayi anga anatsala okha pakhomo abambo atatisiya. Nkhani yosamukira ku UK yatha chaka chathunthu m'nyumba mwathu osapeza mutu wake, ndipo popeza akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndabwera kwa inu.

Maganizo amenewa anandigwira kwambiri mu 2024, chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba, magetsi n'kumazima pafupifupi tsiku lonse. Ndimakumbukira madzulo ena ndikukupiza mbaula pakhonde, yunifolomu ili kale pathupi chifukwa ndinali kupita ku naiti, mwana wanga akulemba ntchito ya kusukulu pounikira ndi foni, thumba la malasha limene ndinagula masiku ochepa chabe litatsala pang'ono kutha. Tili ndi poloti cha ku Chongwe, koma nyumba inaima pa mawindo zaka zitatu zapitazo, mabuloko ada ndi mvula, ndipo ndalama ya chilimba ikangofika imapeza kale vuto likuidikira. Sindikunyoza dziko langa kapena ntchito yanga, zonsezi ndimazikonda, koma ndatopa kugwira ntchito molimbika chonchi popanda chooneka.

Njira yake ndaifufuza ndithu. Ndikudziwa kuti ndiyenera kukhoza mayeso a Chingelezi a OET kapena IELTS, kulemba CBT (mayeso a unamwino a pa kompyuta), kenako OSCE (mayeso oonetsa luso pogwira ntchito) ndikafika kumeneko, kuti NMC, bungwe lolembetsa anamwino ku UK, lindilembetse. Ndikudziwanso kuti mu 2023 Zambia inaikidwa pa mndandanda wa WHO (bungwe la zaumoyo la padziko lonse) wa mayiko osowa ogwira ntchito zaumoyo, kotero makampani saloledwa kubwera kudzatikopa, koma munthu akhoza kufunsira yekha ntchito mwachindunji. Zimenezo si zimene zikundisowetsa tulo.

Mnzanga amene tinaphunzira limodzi anapita, ndipo pasanathe zaka ziwiri anakhoma malata pa nyumba yake ku Chalala. Koma zithunzi za pa Facebook sizionetsa lendi, sizionetsa msonkho, sizionetsanso amene amalera mwana mayi akakhala kuntchito. Choncho inu amene munapita, ndiuzeni zoona: mwezi ukatha, mutalipira zonse, kodi pamatsala chogwirika? Kupatula ndalama, n'chiyani chimene chinasinthadi pa moyo wa tsiku ndi tsiku? Ndipo inu amene munasiya makolo okalamba, munatani? Amayi anga ali ndi BP ndi shuga, ndipo pakali pano akangodwala ndimakwera basi ya m'mawa ku Intercity, madzulo ndili pambali pawo.

Namwino wa ku Leeds:

Achemwali, funso lanu mwalifunsa bwino, ndipo ndikuyankhani monga munthu amene anachoka ku Kabwata kubwera kuno ku UK ali ndi mafunso omwewo. Ndiyambe ndi ndalama. Namwino wongolembetsedwa kumene mu NHS (zipatala za boma za kuno) amayambira pa gawo la malipiro lotchedwa Band 5, ngakhale atagwira zaka zambiri kwathu, ndipo malipirowo mukawasintha m'makwacha mukhoza kuganiza kuti mwalemera. Koma msonkho, National Insurance (inshuwalansi ya boma) ndi penshoni zimachoka ndalama isanafike m'manja, kenako lendi, council tax (msonkho wa khonsolo), gasi wotenthetsera nyumba m'nyengo yozizira ndi zoyendera. Chaka changa choyamba, ndili ndekha wogwira ntchito, sindinatumize zambiri kwathu. Zinthu zinasintha amuna anga atapeza ntchito, chifukwa visa ya Health and Care Worker imalola mwamuna kapena mkazi wa namwino kubwera ndi kugwira ntchito. Malipiro a mmodzi amathera m'nyumba, a winayo ndi amene amagula simenti ku Lusaka. Ngati amuna anu sali okonzeka kuyamba ndi ntchito iliyonse imene yapezeka, ngakhale yotsika poyerekeza ndi imene akugwira pano, kambiranani zimenezo musanalipire mayeso alionse.

Phindu limene sindinaliyembekezere, ndipo ndimaliona lalikulu kuposa ndalama, ndi lakuti munthu umatha kukonza za mawa. Sabata ya ntchito ndi maola 37.5, masiku a tchuthi ndi 27 pachaka kuwonjezera pa maholide a boma, ndipo maola owonjezera amalipidwa. Mitengo nakonso imakwera, koma ndikalemba bajeti pa 1, pofika pa 30 imakhala isanasokonekere kwenikweni. Mwana akatentha thupi usiku sindiyamba ndawerenga ndalama m'chikwama, pakuti kuonana ndi dokotala n'kosalipira, ndipo ife a visa ya zaumoyo sitilipira ndalama yowonjezera ya chithandizo imene alendo ena amalipira. Kuntchito mankhwala ndi zipangizo zimakhalapo, ngakhale kuti odwala ndi ambiri ndipo pochoka mu wadi miyendo imakhala itatupa ngati kwathu komwe. Mwayi wophunzira ulipo, ine pano ndikuchita maphunziro a za odwala impso.

Chimene chidzakulumani ndi mwana wa zaka zitatuyo. Kuno kulibe mdzukulu wa azakhali woti n'kumuitana kumudzi kudzathandiza, malo osungira ana ndi okwera mtengo kwambiri, ndipo visa yathu siitilola kulandira zithandizo zambiri za boma. Ine ndi amuna anga tinatha chaka tikusinthana pakhomo, iwo akulowa ine ndikutuluka, nkhani za banja tikukambirana pa foni ngati anthu okhala m'mizinda iwiri. Mu December dzuwa limalowa isanakwane 4 koloko madzulo, ndipo mdima umenewo umalowa mpaka mumtima ngati mulibe mpingo kapena anzanu oyandikira.

Bambo wa ku Matero:

Amayi, ine sindinapiteko, koma mlongo wanga anataya ndalama zambiri kwa munthu amene anamulonjeza kalata ya ntchito yosamalira okalamba. Dziwani kuti malamulo a kumeneko salola kampani yopezera anthu ntchito kulipiritsa wofuna ntchitoyo, choncho aliyense wokuuzani kuti mugule malo ndi wakuba. Dziwaninso kuti kuyambira March 2024 osamalira okalamba analetsedwa kutenga mabanja awo, ndipo mu July 2025 njira imeneyo inatsekedwa kwa ofunsira kuchokera kunja. Inu pitani monga namwino wolembetsedwa, osati mwanjira ina, ndipo musalowe kaloba chifukwa cha ulendowu.

Mphunzitsi wa ku Francistown, ku Botswana:

Mlongo wanga, musaganize za UK yokha ngati kuti kunja ndi kumeneko basi. Anthu a ku Zambia akhala akugwira ntchito ya unamwino ndi uphunzitsi ku Botswana ndi ku Namibia kwa zaka zambiri. Ndalama si yofanana ndi ya ku Ulaya, zimenezo n'zoona, ndipo ntchito ya mlendo imadalira kontrakiti imene ikhoza kusawonjezedwa. Koma kuchokera pamene mlatho wa Kazungula unatsegulidwa mu 2021, ine kwathu kukagwa maliro ndimayenda pamsewu n'kufika asanaike. Kwa munthu amene amayi ake akudwala ku Katete, chimenecho ndi phindu loyenera kuliwerengera pamodzi ndi malipiro.

Mayi wachikulire wa ku Chelstone:

Mwana wanga, ndilankhuleko monga kholo losiyidwa, pakuti mwana wanga wamkazi ali ku Manchester chaka chachinayi tsopano. Mankhwala anga sanathepo ngakhale mwezi umodzi, anandiikira sola padenga, ndipo mtsikana wondithandiza pakhomo amalipidwa ndi iye. Akanakhala kuno sakanakwanitsa zonsezi, ndipo sindichita manyazi kunena kuti moyo wanga unapepuka. Koma pamene ndinagonekedwa m'chipatala chaka chatha, amene anandisambitsa ndi mpongozi wanga, mwana wanga akulira pa foni, chifukwa tchuthi chadzidzidzi chinavuta ndipo ndege zake n'zodzera ku Addis Ababa kapena ku Dubai. Musadzinamize kuti mudzawatenga amayi anu kukakhala nawo, malamulo otengera kholo ndi ovuta kwambiri. Musanagule tikiti, pitani ku Katete, mukakhale pansi ndi amayi anu pamodzi ndi amalume anu, mukagwirizane kuti adzawaperekeza ku kiliniki ndani, adzasunga ndalama yotumizidwa ndani. Mukawafunsenso iwo eni zimene akufuna, pakuti ana ambiri amatikonzera zinthu osatifunsa.

Namwino wa ku Leeds:

Ndiwonjezere chimodzi chimene ndinaiwala. Kuyambira 2016 malamulo a Zambia amalola munthu kukhala nzika ya mayiko awiri, choncho kupita sikutanthauza kutaya kwanu. Komabe za chilolezo chokhala mu UK mpaka kalekale muzitsatire mosamala, chifukwa chakhala chikuperekedwa pakatha zaka 5, koma mu 2025 boma la kuno linalengeza maganizo otalikitsa nthawiyo kufika pa zaka 10.

Mwini funso:

Zikomo kwambiri nonse, makamaka inu amayi a ku Chelstone, mawu anu andilasa pamtima chifukwa n'zoona kuti chaka chonsechi ndakambirana ndi amuna anga, ndi anzanga a kuntchito, koma amayi anga sindinawafunse ngakhale kamodzi. Loweruka likubwerali ndikwera basi ya ku Katete, ndipo amalume ndawaimbira kale. Mayankho anu ndawawerengera amuna anga usiku uno, ndipo pa nkhani yoyamba ndi ntchito yotsika anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati aganizirapo. Za Botswana sindinaziganizirepo n'komwe, ndizifufuza.

Achemwali a ku Leeds, ndili ndi funso lina ngati simutopa nane. Kodi n'kwanzeru kuti ndiyambe ndapita ndekha mpaka nditakhoza OSCE ndi kupeza nyumba, ana n'kutsala ndi abambo awo kuno ku Chilenje, kapena tinyamuke tonse nthawi imodzi? Wamng'onoyu sanagonepo popanda ine kupatula masiku a naiti, ndipo ndikufuna kudziwa kuti inu munapirira miyezi ingati musanawaitane anu.