Tizidutswa ta zolengeza za m'nyumba za kanema pa Super 8, mumatipeza kuti?

Mphwanga_wa_Leeds:
Moni akuluakulu. Ndili ndi projekita ya Elmo ST-1200 ndipo Loweruka madzulo timazimitsa magetsi pabalaza n'kuonera filimu ndi ana komanso anzawo apaneba. Koma pali china chikusowa, filimu imangoyamba mwadzidzidzi, lida (kachigawo kopanda zithunzi ka kumayambiriro kwa rilo) ikatha basi chithunzi chafika anthu asanakhazikike n'komwe. Ndikufuna tizidutswa tija ankaonetsa filimu isanayambe, toletsa kusuta fodya, tonena kuti filimu yakutiyakuti iyamba Lachisanu, ta nthawi yopuma kuti anthu akagule ayisikirimu, ndi kaja kolengeza kuti tsopano filimu yeniyeni ikuyamba. Timapezeka kuti pa Super 8, filimu yaing'ono ya 8mm yoonetsera kunyumba? Nanga ndidziwa bwanji kuti mtundu wake sunasuluke ndisanalipire? Komanso ndizilumikiza ku filimu yeniyeniyo kapena tikhale pa rilo yathuyathu? Ndili ku UK kuno.

Mkulu_Eiki:
Achimwene mwagwira pabwino, ine timeneti ndimatikonda kuposa mafilimu ena athunthu omwe ndili nawo. Mukamasaka pa eBay lembani snipes kapena daters, ogulitsa ndi mmene amalembera. Choyamba dziwani kuti tizidutswati tinapangidwira filimu yaikulu ya 35mm ya m'nyumba za kanema, ta Super 8 ndi tokopera pambuyo pake anthu osunga mafilimu atayamba kutifuna, ndiye si tambiri ayi. Ku America amene ankapanga kwambiri ndi Filmack ya ku Chicago yomwe inayamba mu 1919, ndi National Screen Service ya mu 1920 yomwe inkagawa ma trailer m'nyumba za kanema. Kwanuko ku Britain dzina lalikulu pa zotsatsa malonda ndi Pearl & Dean, kuyambira 1953.

Pa Super 8 sakani zomwe inatulutsa kampani ya Derann ya ku Dudley. Inatseka mu 2011 koma marilo ake a ma trailer ndi zotsatsa malonda akuyendabe m'manja mwa anthu. Ndipo inu muli ndi mwayi, Blackpool si kutali ndi Leeds, kumakhala msonkhano wa osunga mafilimu mwezi wa November, pitani mukagwire rilo ndi manja anu, muvundukule pang'ono muyang'anire pa kuwala. Za mtundu izi, filimu ya Eastmancolor ya zaka za m'ma 1960 ndi 1970 imasuluka n'kutsala yofiira, chifukwa utoto wa buluu ndi wachikasu ndi umene umayamba kutha. Kodak inatulutsa filimu ina yotchedwa LPP cha mu 1982 ndipo imeneyo siisuluka chisawawa, ndiye funsani wogulitsa awerenge timalemba ta m'mbali mwa filimu kufupi ndi timabowo, aone ngati palembedwa LPP. Akangoti mtundu ndi "wabwino ndithu" koma akukana kujambula chithunzi cha pa sikirini, musiyeni.

Nachisale16mm:
Pa funso lolumikiza lija bambo, ine ndikuti musakhudze filimu yanu yaikulu. Pangani rilo yapadera yotsegulira. Super 8 pa mafelemu 24 pa sekondi imadya mafiti 20 pa mphindi, ndiye rilo ya mafiti 200 ndi mphindi 10, zokwanira bwinobwino. Ine ndimayamba ndi koletsa fodya, kenako malonda awiri kapena atatu, kenako trailer ndi ka tsiku kake kumapeto, n'kumaliza ndi kolengeza filimu yaikulu. Musadzaze tonse tomwe muli nato, ana atopa filimu isanayambe, sungani tina mudzasinthe sabata ina.

Tsopano mvetserani apa chifukwa ndi pamene tizidutswa tambiri taonongekera. Pa Super 8 ya maginito, yomwe mawu ake amasungidwa pa kalayini ka bulauni ka m'mbali, mawu sakhala pambali pa chithunzi chake, amakhala mafelemu 18 kutsogolo, chifukwa mutu wowerenga mawu uli pansi, filimu imaufika itadutsa kale pa lenzi. Ndiye munthu amaona mafelemu akuda kumayambiriro kwa kachidutswa n'kuganiza kuti ndi opanda ntchito, amadula ndendende pomwe chithunzi chayambira, osadziwa kuti pa kalayini ka bulauni ka m'mbali mwa mafelemu akudawo ndi pomwe pali kulira koyamba kwa malipenga. Mwataya pafupifupi sekondi ya mawu, ndipo kachidutswa kamene ndi ka masekondi 15 basi, sekondi imeneyo imamveka. Werengani mafelemu 18 kubwerera m'mbuyo, onjezani ena anayi kapena asanu, dulani pamenepo. Pa filimu ya 16mm ya optical, yomwe mawu ake amawerengedwa ndi kuwala, ndi mafelemu 26.

China, dziwani ngati pulasitiki ya filimuyo ndi acetate kapena polyester. Nyamulani rilo muiyang'anire chammbali pa balubu, polyester imadutsitsa kuwala, acetate imaoneka yakuda. Polyester guluu wa filimu sagwira, pamafunika tepi, ndipo sankhani tepi yosaphimba kalayini ka mawu apo ayi muzimva kuti phu pa sipika paliponse pomwe mwalumikiza.

Mkulu_Eiki:
Mayi Nachisale anena zoona pa mafelemu 18, koma pa ka nthawi yopuma ndisiyana nawo pang'ono. Projekita yanuyo imanyamula mafiti 1200, ndi ola limodzi, filimu yathunthu muyenera kusintha rilo basi. Apa ndiye pamene kachidutswa kaja kamagwira ntchito yake yeniyeni osati kukongoletsa chabe. Ine ndimakaika kumapeto kwa rilo yoyamba, ndimadula pa lida yakuda osati pa chithunzi, palibe felemu ya filimu yomwe imatayika ndipo tepi imamatuka tsiku lomwe ndikufuna kugulitsa. Kakatuluka pa sikirini mumayatsa nyali imodzi, ana amathamangira kukhitchini kukatenga mbuliwuli, inu mukumanga rilo yachiwiri mosathamanga. Kungoti khalani ndi chala pa fokasi, tizidutswa tochokera kosiyanasiyana sitigwirizana, kena kamabwera kakuthwa kena kachimbuuzi mpaka mutembenuze lenzi pang'ono.

Wa_ku_Chinamwali:
Ine ndikuwerenga ndili ku Zomba. Kwathu kuno ambirife 16mm tinaidziwira pa galimoto za a Information zija zinkabwera pabwalo la sukulu usiku, ndipo ndi zimene zinandipangitsa kugula projekita nditakula. Chomwe ndikuchenjezeni ndi fungo la viniga. Munthu wina ananditumizira katoni ya ma trailer ndi tizidutswa ta masiku, kungotsegula chitini chimodzi fungo linadzaza chipinda chonse, filimu itapindika m'mbali moti siinkadutsa bwino pa geti, kampata ka kuseri kwa lenzi. Imeneyo ndi acetate ikuwola ndipo siibwerera, kutentha ndi chinyezi ndi zomwe zimaifulumizitsa, ndiye ganizani m'nyumba ya malata mwezi wa October kenako mvula. Yonunkha muichotse pakati pa zinzake msanga. Inu a ku Leeds kwanu n'kozizira koma musasunge kudenga kapena m'galaja, ikani m'kabati ya m'chipinda chosatentha. Ndipo wina akakupatsani tizidutswa ta 35mm takale kwambiri, ta 1952 isanafike, samalani, tingakhale ta pulasitiki yakale ya nitrate ndipo timayaka moopsa. Ta Super 8 ndi 16mm ya Kodak mulibe vuto limenelo.

Mphwanga_wa_Leeds:
Zikomo kwambiri nonse, za mafelemu 18 zija ndazilemba pa kapepala ndamata pa sipulaisa, kachipangizo kolumikizira filimu. Funso lina laling'ono, ndaona wina akugulitsa ka nthawi yopuma ka ku America, ka makatuni, mtundu wake wafiira pang'ono koma mtengo ndi wabwino. Nditenge kapena ndidikire November?

Nachisale16mm:
Ngati timabowo tili bwino ndipo sikakununkha, tengani bambo, makatuni amapirira kufiira kusiyana ndi nkhope za anthu, ndipo ana adzakakonda. Mufunseni kaye ngati mawu ake ndi a maginito kapena optical muone ngati Elmo yanuyo imawerenga zonse ziwiri, komanso ngati lida yoyambirira ikadalipo. Ka ku Britain kabwino kosasuluka mudzakasaka ku Blackpool, mudzangosinthanitsa pa tepi pomwepo.