Wodwala wakana kuti makolo ake auzidwe kanthu, koma ndiwo akukhala naye

Nesi wa odwala maganizo:
Anzanga, ndigawireniko nzeru. Ndikuona mnyamata wa zaka 26 amene ali ndi schizophrenia (matenda a maganizo ochititsa munthu kumva mawu a anthu osaoneka ndi kukhulupirira zinthu zomwe kulibe), amamwa mankhwala a haloperidol, ndipo chaka chino wagonekedwa kawiri. Sabata yatha anandiuza mosapita m'mbali kuti makolo ake ndisawauze chilichonse. Dzulo amayi ake anabwera okha, maso ali psuu, n'kuulula kuti kwa miyezi iwiri akhala akupera mapiritsi n'kumamuthirira m'chakudya chifukwa anasiya kumwa. Mwanayo watulukira. Panopa chophika iwo sakhudza, akuti akufuna kumupha ndi poizoni. Bambo ake akuti ndi ulesi chabe, munthu wamkulu kumangokhala osasamba. Ine ndinangomvetsera, pakamwa pali gwa poopa kuswa chinsinsi, ndipo mayiwo anachoka atakhumudwa. Usiku tulo sitinabwere.

Mlangizi wa mabanja:
Achemwali, pepani, koma musadziimbe mlandu. Chinsinsi chimakuletsani kuwauza zimene mwanayo wakuuzani kuchipinda. Sichikuletsani kuwamvera, ndiponso sichikuletsani kuwaphunzitsa za matendawa monga mungaphunzitsire wina aliyense. Mutha kuwafotokozera kuti kumva mawu a anthu osaoneka n'chiyani, kuti kukangana ndi munthu pa chimene akukhulupirira kumangomuumitsa mtima, osatchula n'kamodzi komwe za m'faelo yake. Aitaneninso sabata yomwe ino. Mayi wopera mapiritsi usiku ndi mayi amene njira zamuthera, ndipo palibe anamuonetsako ina.

Kiliniko ofisa:
Ine funso langa ndi lakuti, alipo anamufunsa mnyamatayo chimene anasiyira mankhwala? Pa haloperidol ambiri amauma khosi ndi nsagwada, manja amanjenjemera, ena amalephera kukhala pansi, miyendo imangofuna kuyenda. Kusakhazikika kumeneku, akathisia, kumazunza koopsa, ndipo ife timakuona ngati matenda akula n'kuwonjezera mlingo. Muyezeni bwino. Ngati wauma thupi, kuchepetsa mlingo kapena kumupatsa benzhexol, mankhwala ochepetsa kuuma kwa thupi, kumathandiza, koma pa akathisia benzhexol sachita zambiri. Mutha kuganiziranso mankhwala ena a matendawa, risperidone kapena olanzapine, ngati alipo, bola muziyang'anira kunenepa ndi shuga, makamaka pa olanzapine. Zonsezi zikakanika, jakisoni wa haloperidol decanoate wa masabata 4 aliwonse angachotse mkangano wa tsiku ndi tsiku pakhomo.

Mlangizi wa mabanja:
Pa jakisoni ndiye tiyende pang'onopang'ono, achimwene. Munthu amene wangozindikira kuti ankamwetsedwa mankhwala mobisa, ife n'kumutulutsira singano, adzati tagwirizana ndi amayi ake. Komanso ngati haloperidol ndiye akumuzunza, wa jakisoni akalowa m'thupi sabwezeka. Amve kaye ubwino ndi kuipa kwake, asankhe yekha.

Kiliniko ofisa:
Apo mwanena zoona. Tiyambe ndi kumuyeza.

Nesi wamkulu wopuma pa ntchito:
Mwana wanga, onse akamba za amayi ndi mwana, ine mtima wanga uli pa bambowo. Zimene akuzitcha ulesi, kusasamba, kusalankhula, kusafuna kuchita kanthu, ndi mbali ya matenda omwewa, ndipo mankhwala sazichotsa msanga ngati mmene amachepetsera mawu a m'mutu. Bambo amene sanauzidwepo zimenezi amakalipa poganiza kuti akudzutsa mwana wake. Wofufuza George Brown ndi anzake ku London anaona kalekale, m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, kuti odwala obwerera m'nyumba zodzudzula kwambiri, kapena zowasamala mopyola muyeso mpaka kusowa popumira, amadwalanso kawirikawiri. Ofufuza ena, Vaughn ndi Leff, anapezanso zomwezo mu 1976, ndipo anaona kuti vuto limakula ngati wodwala amakhala maso ndi maso ndi achibale otere maola oposa 35 pa sabata. Nyumba mwatifotokozerayi ili ndi zonse ziwiri, bambo wodzudzula ndi mayi wosachoka pambali pa mwana. Koma chonde, musakanene izi ngati mlandu. Ndinaonapo makolo akuchoka akulira chifukwa wachipatala anawamvetsa ngati ndiwo anadwalitsa mwana. Sanamudwalitse. Atopa, ndipo akuopa.

Kukumana kamodzi sikukwanira. Malangizo a NICE, bungwe lopereka malangizo a zaumoyo ku England, amati thandizo la banja likhale la maulendo osachepera 10, pa miyezi 3 mpaka chaka, wodwalayo ali pomwepo ngati n'kotheka. Ndikudziwa mmene mzere umatalikira panja pa chipinda chanu, komabe ngakhale mphindi 20 pa tsiku lotenga mankhwala n'zothandiza mukamazisunga.

Wa zachisamaliro cha anthu:
Ndiwonjezereko ziwiri. Afunseni mayiwo paokha ngati akugona, ngati anaopsezedwapo kapena kumenyedwa, ndiponso amene amawalandirako akafuna kupuma. Ambiri sanena mpaka utafunsa molunjika. Chachiwiri, mnyamata woganiza kuti akuthiridwa poizoni afunsidwe ngati akuganiza zodzipha kapena kuvulaza wina, muonenso sikelo yake poti sakudya. Ngati moyo wa munthu uli pa ngozi, chinsinsi chimakhala ndi malire, ndipo iye auziridwetu zimenezo.

Nesi wa odwala maganizo:
Ndabweranso patapita masabata awiri. Achimwene munalasa, ndi akathisia. Akuti ankayendayenda usiku wonse osadziwa kuti ndi mankhwala, ndipo palibe anamufunsapo. Dokotala wamusinthira ku risperidone. Maganizo odzipha kapena ovulaza wina akuti alibe, koma watsika makilogalamu 4. Nditamufunsa chinthu chimodzi chimodzi m'malo mofunsa za "chilichonse", wavomera kuti makolo adziwe dzina la mankhwala, masiku obwera kuchipatala ndi zizindikiro zake zoyambirira matenda akamabwerera, zomwe wati ndi kusowa tulo ndi kudzitsekera. Zimene mawu amamuuza wakana, ndipo ndalemekeza. Amayi anamupepesa pamaso panga n'kulonjeza kuti sadzabisanso mankhwala. Sanayankhe, koma wavomera kumaphika nawo limodzi kuti aziona zolowa mumphika. Bambo sanabwere. Ndawalembera kalata yowapempha kuti tikumane Lachinayi awiriwiri. Amayi athu opuma, ngati muli ndi mawu oyambira nawo kwa bambo wotere, nditumizireni lisanafike tsikulo.