Tithandizeni nzeru pa zokongoletsa nyumba za Halloween

Abale ndi alongo amene mwakhalitsa kuno ku America, ndikupempha nzeru zanu. Mumsewu umene tikukhala ku South Bend, m'chigawo cha Indiana, anthu amagwirizana chaka chilichonse kukongoletsa nyumba zawo pokonzekera Halloween ya pa 31 Okutobala, ndipo atipempha kuti nafenso titengeko mbali. Anzathu oyandikana nawo aika kale pakhonde maungu osemedwa nkhope okhala ndi kandulo m'kati, ndipo pakapinga aimika mafupa apulasitiki ndi ziliza zabodza.

Maunguwo sakundivuta konse, koma ziliza ndi mafupa zikundilemera mumtima, chifukwa kwathu manda ndi malo aulemu ndipo za mizukwa ndi mfiti sitiseweretsa. Komabe sindikufuna kuti nyumba yathu yokha ikhale yamdima, popeza ana ofuna maswiti amagogoda pamakomo pokhapo pamene nyali yapakhonde yayaka.

Kodi maungu, mapesi a chimanga ndi nyali zokongola n'zokwanira kuti anzathuwa asaone ngati tawanyoza? Nanga amene muli ndi ana, mumawafotokozera bwanji akayamba kulirira zovala za mizukwa ngati za anzawo akusukulu?