Kodi Takao Koyama ndi ndani pa Dragon Ball Z, si Toriyama analemba zonse?

MayiAwiri_Rosettenville:
Abale anzanga a kuno ku Joni ndithandizeni. Mwana wanga wamkulu ali Grade 9 ndipo mutu wake wonse uli pa ma katuni a ku Japan, akuti akadzakula akufuna azidzalemba nkhani zake osati kujambula ayi, kulemba. Dzulo wandionetsa pafoni dzina loti Takao Koyama akuti ndi amene ankalemba Dragon Ball Z, ine ndimadziwa kuti mwini wake ndi Akira Toriyama uja anamwalira mu 2024. Ndiye Koyama yu ankatani? Komanso imeneyi ndi ntchito yoti munthu nkudya nayo? Sindikufuna kumugwetsa ulesi mwanayu koma ndimvetse kaye.

Mnyamata_wa_pa_Ntcheu:
Mayi mwana wanuyo sakunama. Toriyama ankajambula nthanoyi m'magazini ya Weekly Shonen Jump kuyambira 1984 mpaka 1995, sabata iliyonse timasamba towerengeka basi. Koma pa TV pamafunika mphindi 20 ndi kanthu sabata iliyonse, ndiye timasamba timeneto sitingadzaze, wina ayenera kukhala pansi nkugawa kuti gawo ili lithere apa, uyu ayankhule chakuti, apa tionjezere. Koyama ndiye anali mkulu wa olemba ku Dragon Ball Z, ma episodi 291 kuyambira 1989 mpaka 1996, kampani yake Toei Animation.

Vuto linali loti a TV ankathamanga kuposa wojambula, akangomupeza ndiye kuti alibe choti aonetse. Nchifukwa chake nkhondo ya Goku, mwini nkhani, ndi mdani wake Frieza ija, Frieza kunena kuti dziko la Namek liphulika pakatha mphindi 5 koma ife kuonera masiku ndi masiku pa SABC 2 dziko osaphulika. Nkhani ya Garlic Jr yonse ija m'buku mulibe, ya Goku ndi Piccolo kukaphunzira kuyendetsa galimoto mulibenso, zinapangidwa ndi olemba a pa TV kuti Toriyama apite patsogolo kaye.

AchimweneAkuMayfair:
Koma amwene zoonjezerazo ndi zimene zinkatitopetsa, munthu waweruka wathamangira TV kungopeza anthu akuyang'anizana nkumakuwa gawo lonse. Mu 2009 anatulutsa Dragon Ball Kai atadula zambiri zoterozo ndipo imayenda bwino. Ine ulemu ndimapereka kwa Toriyama.

Mnyamata_wa_pa_Ntcheu:
Achimwene zokokakoka zija ndikuvomera, koma musamuweruze nazo zokhazo. Broly, mdani wa Goku amene ana amamukonda chonchi, anayamba kuoneka mufilimu ya 1993 yolemba Koyama, Toriyama anangokonza maonekedwe ake, ndipo anadzamutenga yekha nkumulembanso mu filimu ya 2018. Bardock bambo ake a Goku nayenso anayambira pa pulogalamu yapadera ya pa TV ya 1990 imene Koyama analemba ndi Katsuyuki Sumisawa, Toriyama anaikonda mpaka kumulowetsa Bardock m'buku lake. Munthu wongodzaza nthawi sangapange zimenezo ayi.

Asisi_a_Yeoville:
Ine ndiyankhe funso lachiwiri lija poti anyamatawa alowa za nkhondo. Koyama anabadwa 1948, anayamba ntchito ku kampani ya makatuni ya Tatsunoko Production mu 1972, analemba nawo zoseketsa ana ngati Yatterman zaka zambiri asanafike ku Dragon Ball, katuni ya Saint Seiya analembanso nawo. Kenako anayamba kuphunzitsa achinyamata kulemba, Sumisawa yemweyo anadutsa m'manja mwake ndipo anadzakhala mkulu wa olemba katuni ya Inuyasha. Ndiye inde ndi ntchito, munthu wakalamba nayo, koma dzina lako silimveka ngati la wojambula ndipo umalemba mothamangitsidwa ndi tsiku.

Mwanayo musamuletse mayi. Mugulireni kope la hardcover la yekha, aonere gawo limodzi kenako alembe zimene zachitika, ndani walowa, wanena chani, lathera pati. Akazolowera ayambe zake. Ndipo asamangolemba za ku Japan, kalulu ndi fisi aja agogo ake amamuuza akapita kumudzi pa Disembala akudikira owalemba.

MayiAwiri_Rosettenville:
Zikomo nonse, ndamuwerengera wasangalala koopsa makamaka za Bardock zo. Kope ndigula Loweruka ndikalandira. Akufunsa kuti alembe m'Chichewa kapena m'Chingerezi, ndamuuza ayambe ndi Chichewa agogo ake adzamve nawo.