Kodi kuchigwa cha Shire kuno kuli akavalo akutchire? Nanga tingawaone liti?

Nyakwawa_Nchalo:
Akuluakulu, ndithandizeni. Ana a kalabu ya zachilengedwe kusukulu kwathu akufuna kuphunzira khalidwe la akavalo akutchire ndi malo omwe amakhala. Kodi ku Lengwe kapena ku Majete aliko? Ulendo tikuuganizira kumapeto kwa masika, mwezi wa Meyi, koma ena akuti tidikire Okutobala.

Bambo_wa_Kapichira:
Aphunzitsi, akavalo akutchire m'Malawi mulibe. Kavalo kuchigwa kuno savuta kufa chifukwa cha kashembe, yemwe amafalitsa matenda a kaodzera wa ziweto. Kavalo wakutchire weniweni ndi wa Przewalski wa ku Mongolia, amene adatheratu m'tchire cha m'ma 1960, ndipo adayamba kumubwezeretsa kumalo otetezedwa a Hustai m'dzikomo mu 1992 kuchokera kumalo osungira nyama. Akavalo a ku Garub m'chipululu cha Namib ku Namibia ndi zidzukulu za akavalo oweta omwe adalowerera.

Chomwe tili nacho ndi mbidzi, ya mtundu umodzi ndi kavalo ndi bulu, ndipo kakhalidwe ka banja lake nkofanana kwambiri ndi ka akavalo akutchire. Pitani ku Majete, komwe a bungwe losamalira nkhalango la African Parks adabwezeretsa nyama zambiri atayamba kuyang'anira nkhalangoyi mu 2003. Ku Lengwe mukaonako nyala ndi njati, koma ngati cholinga ndi mbidzi musataye mafuta.

Meyi ndi wabwino kwa ana chifukwa kunja kumakhala kozizirirako. Vuto lake ndi udzu. Tsekera amakhala atatalika, madzi akadali m'zithaphwi, choncho mbidzi zimabalalika ndipo mumangoona makutu ndi misana. Okutobala ndi Novembala udzu wauma kapena wapsa, mitengo yayoyola masamba, nyama zasonkhana pafupi ndi mitsinje ya Shire ndi Mkulumadzi komanso pamaiwe. Mbidzi imamwa pafupifupi tsiku lililonse, ndiye siipita kutali ndi madzi. Koma dzuwa la Chikwawa nthawi imeneyo limapitirira madigiri 40. Ndi ana asukulu, ine ndingasankhe Ogasiti.

MayiNaphiri:
Ndionjezerepo za kaonedwe, poti ambiri amangowerenga "mbidzi 7" nkupitirira. Kumeneko si kuphunzira.

Banja la mbidzi limakhala ndi yamphongo imodzi, zazikazi zingapo, kawirikawiri zosapitirira 6, ndi ana awo. Zikamayenda pamzere, yotsogolera ndi yaikazi yaikulu, mwana wake ali pambuyo pake, ndipo yamphongo imatsalira kumbuyo kapena m'mbali. Ikaima payokha nkumakuyang'anitsitsani zinzake zikuchoka, imeneyo ndiye bambo wa banjalo. Kuti mutsimikize, dikirani itembenuke: mzere wakuda wa pansi pa mchira ndi waukulu mwa yaikazi, wopyapyala mwa yamphongo. Gulu lopanda mwana ndi mmodzi yemwe, lokonda kulumana m'khosi ndi m'miyendo, nthawi zambiri ndi la zamphongo zomwe sizinapeze akazi.

Mizere ya mbidzi iliyonse ndi yakeyake, koma ya kumanja siifanana ndi ya kumanzere. Apa mpomwe anthu amalakwitsa: amajambula mbidzi imodzi mbali zonse ziwiri nkuiwerenga kawiri. Gwirizanani kuti mukujambula mbali ya kumanja yokha, makamaka paphewa pomwe mizere ya mwendo imakumana ndi ya thupi, komanso pantchafu.

Musanyengedwe ndi mimba. Mbidzi imaoneka yonenepa ngakhale m'chilimwe chifukwa udzu wouma umene imadya wambiri umasasa m'matumbo nkuitupitsa. Yang'anani ubweya woimirira wa pakhosi uja. Ukagwera mbali imodzi, nyamayo yafooka kapena ikudwala. Mwana wamng'ono mumuzindikira ndi mizere yofiirira ndi ubweya wa nyankhalala pamsana. Bere la mbidzi ndi la chaka chathunthu kapena kupitirira pang'ono, ndipo ana ambiri amabadwa nthawi ya dzinja, choncho amene mungawaone mu Meyi amakhala a miyezi yochepa.

Gawani ntchito: wina aziwerenga, wina azilemba nthawi ndi malo, wina azijambula. Pakatha mphindi 5 zilizonse, lembani kuti zingati zikudya, zingati zaima tcheru, zingati zikupuma. Mukatero kwa theka la ola pa banja limodzi, ana adzaona okha kuti sizidya zonse mitu ili pansi nthawi imodzi.

Bambo_wa_Kapichira:
Mayi Naphiri anena zoona. Za m'galimoto: zimitsani injini, imani chopingasa osati molunjika nazo, ndipo siyani mtunda wa mamita 50 kapena kuposa. Zikadzutsa mitu zonse nkuyamba kufwenthera, mwayandikira kwambiri, ndipo zomwe mulembe zikhala za mantha awo osati khalidwe lawo. Musatsike paliponse, ku Majete kuli mikango kuyambira 2012, njovu ndi zipembere ziliponso.

Sekulu_Tengani:
Lowani m'mawa geti likangotsegulidwa. Ikamakwana 10 koloko nthaka imakhala yatentha, mpweya ukunyezimira, moti ngakhale magalasi oonera patali amangoonetsa mizere yosakanikirana. Zovala zakuda ndi zabuluu zisiyeni kunyumba, zimaitana kashembe. Madzi akumwa malita 3 munthu aliyense.

Malo nawo muwawerenge. Pamsewu wafumbi phazi la mbidzi ndi la chiboda chimodzi ngati la bulu koma lokulirapo, pomwe la mphalapala kapena njati ndi logawanika pakati. Ndowe zake ndi mibulu yooneka ngati impso, ndipo mukaiona yophwanyika mumapeza udzu wosagayika bwino. Pamene pali bwalo la fumbi losalala lopanda udzu, mpomwe zimagubuduka pochotsa nkhupakupa, ndipo zimabwererapo. Funsani wolondolera alendo wa pageti kuti malo otere ali kuti sabata imeneyo, mukadikirire pomwepo m'malo mozungulira nkhalango yonse.