Mwana wanga chibayo sichikumutha, kodi ndi utsi wa makala?

Admin ndibiseni dzina. Amayi anzanga, ndi inu achipatala muli pagulu pano, ndigawireni nzeru. Ndimakhala ku Chibavi ku Mzuzu. Mwana wanga wa zaka ziwiri wadwala chibayo kawiri chiyambire June, ndipo usiku wathawu wayambanso kutsokomola. Katemera yense analandira.

Anesi atandifunsa komwe ndimaphikira, mtima unandigunda. Nyumba ndi ya lendi, chipinda ndi pabalaza basi, khitchini palibe. M'mamawa ndimakazinga mandasi ogulitsa pa mbaula, mwana ali kumbuyo. Kuzizira kwa Mzuzu mukukudziwa, ndiye madzulo bambo ake amalowetsa mbaula m'nyumba kuti tiwothe, mawindo otseka. Malata athu ada bii ndi mwaye. Tsiku lina ndikumupukuta mamina ndinaona akuda, ndinalira. Kuseri nako aneba amawotcha zinyalala ndi majumbo omwe.

Apongozi akuti ndi mphepo chabe, ndizimufunditsa. Gasi sindingakwanitse, geni sindingasiye chifukwa ndi yomwe imatidyetsa. Nditani kuti mwanayu apume bwino?

Mayankho

Mayi, ndine namwino. Choyamba, mwana ali phee, werengani kupuma kwake kwa mphindi imodzi. Pa msinkhu wakewo, akafika 40 kapena kuposa ndiye kuti akupuma mofulumira. Ngati pansi pa nthiti pakulowa m'kati, kapena akukana kumwa, thamangirani ku chipatala cha Mapale kapena cha Central lero lomwe, musagule mankhwala pa okala. Chibayo chimayamba ndi tizilombo, koma mwaye uja uli ndi tinthu ting'onoting'ono tomwe timalowa mpaka pansi pa mapapo n'kuwafooketsa, tizilombo n'kupeza mpata. Mwana amapuma mofulumira kuposa wamkulu, ndiye amakoka utsi wambiri. A bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO amati mwa ana osafika zaka 5 omwalira ndi chibayo, pafupifupi theka chimayambitsa ndi utsi wa m'nyumba. Mbaula ya usikuyo ichoke lero. Makala ngakhale afiire osafuka utsi, amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, womwe suoneka ndipo sununkha. Umapha anthu ali m'tulo.

Asisi, ine ndili ku Zolozolo, ndimakazinga tchipisi. Ndinamanga kachisakasa panja ndi malata atatu akale. Makala ndimayatsa mwana ali kwa aneba, osayatsira jumbo. Wanga kutsokomola kunachepa. Usiku chipewa, masokosi ndi bulangete, basi.

Gulani chitetezo mbaula.

Achimwene, mbaula imeneyo ndi ya nkhuni, ndipo mbaula yokha siyokwanira. Kafukufuku amene anachitika ku Chilumba ndi ku Chikwawa anapeza kuti ngakhale mbaula zamakono zochepetsa utsi sizinachepetse chibayo mwa ana. Mwana azikhala kutali ndi moto. Za zinyalalazo kambiranani ndi a block leader.

Mwini funso: Zikomo nonse. Ndawerenga, wafika 46. Ndikumubereka pano tipite ku Mapale. Bambo ake ndawatumizira yankho la anesi kuti awerenge okha.